MSEWU WOLIPIRITSA, CHILENGEDWE NDI MAU A ENI MALO

Mau Oyamba



Tikamakamba za ulamuliro wabwino, kawirikawiri maganizo athu amathamangira ku zisankho, ku ziphuphu ndi katangale. Nkhani imene ndapatsidwa lero ndi ya msewu, ndipo nayonso ndi nkhani ya ulamuliro. Boma likaganiza zolambula msewu waukulu, limatenga minda ya anthu, limasamutsa nyumba ndi manda, limasintha mayendedwe a madzi, ndiponso limalowa m'ngongole imene adzabweze ndi ana athu. Ukakhala msewu wolipiritsa, wa zipata zija tidazolowera kuzitchula kuti ma toll gate, boma limapisanso dzanja m'thumba mwa aliyense wodutsapo, ndipo limatero kwa zaka makumi awiri kapena atatu. Mphamvu yotere ndi yaikulu, ndipo kagwiritsidwe ntchito kake kamationetsa ngati olamula amawatenga anthu awo ngati eni dziko kapena ngati chopinga pa chitukuko.

Mfundo imene ndikufuna tipite nayo kunyumba ndi imodzi. Kafukufuku wa mmene msewu udzakhudzire chilengedwe, pamodzi ndi kumva maganizo a anthu, ziyenera kuchitika chigamulo chisanapangidwe, ndipo wochita kafukufukuyo asakhale munthu woti adzadyapo pa msewuwo. Zinthu ziwirizi zikachitika mochedwa kapena mwachiphamaso, dziko limataya nthawi, ndalama ndi chikhulupiriro cha anthu ake. Kuti zimveke bwino, ndifotokoza nkhani yeniyeni ya msewu wina wa ku South Africa. Paja akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

1. Dera la Pondoland ndi msewu wa N2

M'chigawo cha Eastern Cape, m'mbali mwa nyanja yamchere ya Indian Ocean, muli dera lotchedwa Pondoland, kwawo kwa anthu a mtundu wa amaMpondo. Azigogo athu amene adapita ku Joni pa Wenela adakumba nawo limodzi m'migodi amuna a kumeneko, popeza deralo, monga lathu lino, lidali nkhokwe ya anthu ogwira ntchito za m'migodi. Pa nthawi ya ulamuliro wa tsankho lidali gawo la Transkei, ndipo lidasiyidwa m'mbuyo pa misewu, zipatala ndi sukulu. AmaMpondo amakumbukiranso chaka cha 1960, pamene adaukira boma la tsankho chifukwa cha mafumu owaikira ndi madongosolo a malo opangidwa popanda kuwafunsa, ndipo ena a iwo adaphedwa pa phiri la Ngquza. Ndi anthu amene nkhani ya malo saitenga mwachibwana.

Msewu waukulu wa N2, wochokera ku East London kupita ku Durban, umasiya gombe la nyanja n'kulowera kumtunda, kudzera ku Mthatha, ku Mount Frere ndi ku Kokstad, m'mapiri okhotakhota amene magalimoto a katundu amakwera movutikira. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, gulu la makampani omanga lidapita lokha ku bungwe la boma loona za misewu la SANRAL ndi ganizo lakuti limange msewu wolipiritsa wa makilomita pafupifupi 560. Mbali yaikulu idali yongokonza msewu wakale, koma makilomita pafupifupi 100, pakati pa dera la Port St Johns ndi Port Edward, adali oti alambulidwe mwatsopano, kudutsa m'midzi, m'minda ndi m'madambo a Pondoland, ndi milatho ikuluikulu pa zigwembe za mitsinje ya Msikaba ndi Mtentu.

Tizindikire apa chinthu choyamba. Ganizo la msewuwu silidachokere m'midzi imene udali kudzadutsamo. Lidachokera kwa anthu amene adawerengera kuti adzabweza ndalama zawo, ndi phindu pamwamba, kudzera m'zipata zolipiritsa. Zimenezi pazokha si tchimo, pakuti boma losowa ndalama likhoza kugwirizana ndi makampani. Koma njira ikayamba kujambulidwa ndi wofuna phindu, udindo wa boma woteteza anthu wamba ndi chilengedwe umakula koposa.

2. Zimene zidali pa sikelo

Mbali imodzi ya sikelo padali zabwino zenizeni, ndipo tikalakwa titazichepetsa. SANRAL idati njira yatsopanoyo idzafupikitsa ulendo ndi makilomita oposa 60, ndipo magalimoto akuluakulu adzafika msanga ndi maola mpaka atatu. Midzi imene idali yotsekeredwa ndi zigwembe idzalumikizana, mayi wodwala adzafika msanga kuchipatala, mlimi adzapeza msika, achinyamata adzalembedwa ntchito. Anthu ambiri a ku Pondoland komweko, kuphatikizapo mafumu ena ndi amalonda, adaufuna msewuwu ndi mtima wonse. Munthu amene adanyamulapo wodwala pa machira kuwoloka naye mtsinje wodzaza sangamvetse wina akamanena kuti maluwa ndi ofunika kuposa msewu.

Mbali inayo padali chilengedwe chosapezeka kwina kulikonse. M'kadera kakang'ono aka muli mitundu ya zomera yoposa 100 imene siimera pamalo ena alionse pa dziko lapansi. Pali mtundu wina wa kanjedza umene umamera m'mbali mwa mitsinje iwiri yokha, Msikaba ndi Mtentu, mitsinje yomweyo imene milatho idali kudzadutsapo. Pakati pa mitsinje iwiriyi pali malo otetezedwa a Mkambati. M'matanthwe a m'zigwembe miimba imamanga zisa zake, ndipo kugombe kuli mathithi ogwera m'nyanja mwachindunji. Asing'anga a m'deralo amapeza mankhwala m'tchire lomwelo, ndipo ng'ombe zimadya msipu wa m'madambo ake.

Padalinso anthu ena amene akadataya. Mabanja adayenera kusamutsidwa, manda kufukulidwa, ndipo midzi ina, monga wa Sigidi, kudulidwa pakati ndi msewu wothamangamo magalimoto, nyumba tsidya lino, munda ndi msipu tsidya lija. Matauni a m'mbali mwa msewu wakale adaopa kuti malonda awo adzazilala magalimoto akadzasiya kudutsako. Anthu a kumwera kwa mzinda wa Durban adakana chipata chimene chidali kudzaikidwa ku Isipingo, ponena kuti iwo opita kuntchito tsiku ndi tsiku ndiwo adzalipire milatho yomangidwa kutali ndi kwawo.

Walira mvula walira matope: palibe msewu umene ungamangidwe popanda kuononga kanthu. Koma zoonongeka sizifanana, ndipo poziyesa tiyenera kufunsa mafunso atatu. Loyamba: kodi chimene chitayike chikhoza kubwezeretsedwa? Nyumba imamangidwanso, koma mtundu wa mtengo ukatha pa dziko lapansi watheratu, ndipo dambo losunga madzi likakwiriridwa silibwerera. Lachiwiri: kodi opindula ndi otaya ndi anthu omwewo? Kawirikawiri wopindula ndi mwini magalimoto wa mumzinda, pamene wotaya ndi mayi wamasiye wa kumudzi amene alibe ngakhale njinga. Lachitatu: kodi palibe njira ina yofikira pa cholinga chomwecho mosaononga kwambiri? Ku Pondoland anthu ena adapempha kuti msewu wakale ukonzedwe pamodzi ndi misewu ing'onoing'ono yolowera m'midzi, ena adapempha kuti njira yatsopanoyo isunthidwire kumtunda, kutali ndi gombe. Kafukufuku amene sayerekeza njira zingapo moona mtima ndi wongodalitsa chigamulo chopangidwa kale.

3. Wogwira sikelo

Malamulo a ku South Africa amafuna kuti ntchito yotere isanayambe pachitike kafukufuku wa mmene idzakhudzire chilengedwe ndi anthu. Kafukufukuyo adachitika, ndipo mu Disembala 2003 nthambi ya boma yoona za chilengedwe idapereka chilolezo. Anthu ndi mabungwe ambiri adachita apilo. Mmodzi mwa amene adalankhula molimba mtima adali Bishopu Geoff Davies wa mpingo wa Anglican, amene adatumikirapo dayosizi ya Umzimvubu m'dera lomwelo.

Mu Disembala 2004 nduna ya za chilengedwe, a Marthinus van Schalkwyk, idafafaniza chilolezocho. Chifukwa chake sichidali miimba kapena kanjedza. Zidadziwika kuti kampani imene idachita kafukufuku idali pa ubale wa zachuma ndi imodzi mwa makampani ofuna kumanga msewuwo. Wogwira sikelo adali mbale wake wa wogulitsa. Ntchito yonse idayenera kuyambidwanso. Chilolezo chachiwiri chidaperekedwa mu Epulo 2010, ndipo nduna ina, mayi Edna Molewa, idakana ma apilo mu 2011. Zaka zoposa zisanu zidapita chifukwa cha chinthu chimene chikadapewedwa pa tsiku loyamba.

Tiyenera kuyamikira kuti m'boma mudapezeka wina wolimba mtima n'kuimitsa ntchito ya ndalama zochuluka chotero chifukwa cha chilungamo. Koma chilonda chidali chitapangika kale. Anthu amene adaona kafukufuku woyamba akugwa chifukwa cha ubale wobisika sadathe kukhulupiriranso wachiwiri, ngakhale adachitidwa ndi anthu ena. Madzi akatayika saoleka.

Vutoli si la dziko limodzi. M'maiko ambiri, wolemba ntchito ndi kulipira akatswiri a kafukufuku ndi mwini ntchito yomweyo imene ikufufuzidwa. Katswiri wodziwa kuti ntchito yake ya mawa idalira kukondweretsa bwana wa lero amayesedwa kuti afewetse mau ake. Nchifukwa chake pamafunika bungwe la boma loima palokha, lokhala ndi akatswiri ake ndi ndalama zake, loti liunike lipotilo ndi kulikana ngati n'koyenera, ndiponso kuti lipotilo liikidwe poyera kuti aliyense aliwerenge. Malemu Papa Francis, m'kalata yawo ya Laudato Si' ya m'chaka cha 2015, pa ndime 183, adaphunzitsa zomwezi: kuti kafukufuku wotere ayambe pamodzi ndi ganizo la ntchitoyo osati pambuyo pake, achitike poyera popanda kukakamizidwa ndi andale kapena achuma, ndipo eni dera apatsidwe mpando wapadera pa zokambirana.

4. Kuuza anthu ndi kuwafunsa

SANRAL yakhala ikunena kuti idachititsa misonkhano yambiri ndi anthu a m'deralo, ndipo pa mlandu umene udakasumidwa ku Bwalo Lalikulu ku Pretoria mu 2012 wotsutsa chilolezo cha msewuwu, chigamulo cha mu 2019 chidakomera boma. Komabe anthu a m'midzi ya kugombe ya dera la Amadiba adapitiriza kunena kuti sadafunsidwe monga mwa mwambo wawo, pabwalo la mfumu pamene nkhani za malo zimakambidwa mpaka anthu atamvana. Apa tikuona kuti boma likhoza kukwaniritsa zolembedwa m'malamulo n'kupambana kukhoti, koma mitima ya eni malo isadakhutire.

Kusakhulupirirana kudakula chifukwa cha nkhani ina. Mumchenga wa kugombe la Xolobeni, m'dera lomwelo la Amadiba, muli miyala ya titanium imene kampani ya ku Australia idafuna kukumba. Anthu ambiri a kumeneko adaukana mgodiwo, ndipo mu 2007 adakhazikitsa gulu la Amadiba Crisis Committee. Iwo adaona kuti msewu wodutsa pafupi ndi gombe udzathandiza mgodi kutulutsa katundu wake, ngakhale SANRAL idakana kuti ntchito ziwirizi n'zogwirizana. Midzi idagawikana, abale adadana, ndipo mu Malichi 2016 wapampando wa gululo, a Sikhosiphi Rhadebe, adaomberedwa ndi mfuti pakhomo pawo. Mu Novembala 2018 Bwalo Lalikulu lidagamula kuti nduna siyingapereke chilolezo cha mgodi pa malo a makolo a anthuwo popanda iwo kuvomera. Chigamulochi chidali cha mgodi osati cha msewu, koma chidakumbutsa dziko lonse kuti kumva maganizo a munthu ndi kulandira chilolezo chake ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Nawo anthu ofuna msewu adali ndi madandaulo awo. Ntchito yomanga mlatho wa Mtentu, wotalika kuposa kilomita imodzi ndiponso wokwera mamita oposa 200 kuchokera pansi pa chigwembe, idaperekedwa mu 2017 pa mtengo wa marandi pafupifupi 1.6 biliyoni. Mu Okutobala 2018 anthu a m'deralo adaimitsa ntchitoyo podandaula za kalembedwe ka anthu ntchito ndi kagawidwe ka makontirakiti ang'onoang'ono. Kumayambiriro kwa 2019 makampani omanga adachokapo. Ntchitoyo itaperekedwanso kwa ena mu 2022, mtengo wake udali utafika pa marandi pafupifupi 4 biliyoni. Amene amati kufunsa anthu kumachedwetsa chitukuko awerengere ndalama zimenezi, ndi zaka zoposa makumi awiri zimene zidadutsa chiyambire nkhani ya msewuwu.

Tsono kufunsa anthu koona ndi kotani? Kumachitika njira isadajambulidwe kotheratu, pamene yankho la anthu likhoza kusinthadi kanthu. Kumachitika m'chilankhulo cha anthuwo, ndi mapu amene munthu angalozepo munda wake, chitsime chake ndi manda a makolo ake. Kumachitikira kumudzi, pa nthawi imene amayi sali kumunda kapena kuchigayo, osati m'hotela ya mumzinda momwe oitanidwa ochepa amasaina pepala n'kulandira ndalama ya chakudya. Sikuthera pa mfumu yokha, popeza mfumu imasunga malo m'dzina la anthu ake, si mwini wake woti agulitse. Ndipo pomaliza boma limabwerera kwa anthu kudzawauza kuti pa zimene mudanena, izi tazitsata, izi sitidathe, ndipo zifukwa zake ndi izi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: mayi wotunga madzi amadziwa kasupe amene saphwa m'chilimwe, mbusa wa ng'ombe amadziwa pamene madzi osefukira amadutsa, ndipo nzeru zimenezi injiniya wobwera ndi galimoto kwa masiku atatu sangazipeze m'buku.

Sitikunena kuti munthu mmodzi akhoza kuletsa ntchito yothandiza dziko lonse. Ubwino wa anthu onse nthawi zina umapempha ena kuti asiye malo awo. Koma wopemphedwa kutaya ayenera kumvedwa koyamba, kulipidwa mokwanira asadasamuke, ndi kupatsidwa ulemu. Tikumbukire kuti m'nkhani ya Naboti, mfumu Ahabu idalonjeza ndalama kapena munda wina woposa, koma kwa Naboti mundawo udali cholowa cha makolo. Chipukutamisozi chimalipira nyumba ndi mitengo ya mango. Sichilipira zonse zimene munthu amasiya akachoka pamalo pamene padakwiriridwa mchombo wake.

5. Wolipira pa chipata

Msewu wolipiritsa uli ndi funso lina loonjezera: adzalipira ndani, ndalama zingati, kwa zaka zingati, ndipo ndalamazo zidzapita kuti? Ku Pondoland, kukana kwa anthu a ku Durban kudachititsa kuti gawo la ku KwaZulu-Natal lichotsedwe m'dongosolo la msewuwo. Koma phunziro lalikulu pa funsoli lidachokera ku chigawo cha Gauteng, kumene kuli Johannesburg ndi Pretoria, ndipo abale athu ambiri okhala kumeneko adaliona ndi maso awo.

Kumeneko SANRAL yomweyo idakuza misewu ya mumzinda ndi ndalama za ngongole, ndi cholinga chodzabweza kudzera m'makina ojambula nambala za magalimoto otchedwa e-toll. Zidziwitso zidasindikizidwa mu 2007 monga mwa lamulo, koma anthu ambiri adadzidzimuka mitengo italengezedwa mu 2011, misewu itamangidwa kale. Mabungwe a anthu apantchito, amalonda ndi mipingo adatsutsa, kuphatikizapo nthambi ya Chilungamo ndi Mtendere ya maepiskopi a Katolika a kumeneko. Kulipiritsa kudayamba mu Disembala 2013, koma oyendetsa magalimoto ambiri adangokana kulipira. Mu 2022 boma lidavomera kusenza ngongoleyo, ndipo mu Epulo 2024 makina aja adasiya kulipiritsa. Ngongole imene idayenera kubwezedwa ndi ogwiritsa ntchito misewuyo idagwera okhoma msonkho onse, ngakhale a kumudzi amene sadayendepo pa misewu ya ku Johannesburg. Chidziwitso cholembedwa m'nyuzipepala chidakwaniritsa lamulo, koma sichidabale chivomerezo cha anthu.

6. Nanga kwathu kuno?

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa nafenso tidalowa m'nyengo ya zipata zolipiritsa. Chipata cha pa Chingeni chidayamba kugwira ntchito mu Novembala 2021, ndipo cha pa Kalinyeke ku Dedza chidatsatira mu 2022, zonse pa msewu wa M1. Mitengo imene idalengezedwa poyamba idatsitsidwa anthu atadandaula. Tikuyamika kuti boma lidamva, koma kukambirana kukadayamba mitengo isadalengezedwe, mkangano sukadakhalapo. M'chaka chomwecho cha 2021, anthu a mu Lilongwe adadzuka n'kupeza mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa msewu wa Kenyatta ikugwetsedwa pokuza msewuwo, ndipo mafunso okhudza kafukufuku wa za chilengedwe adayamba kufunsidwa mitengo ili kale pansi. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adatikumbutsanso mowawa kuti msewu ndi mlatho zomangidwa mosaganizira mapiri ometedwa ndi njira za madzi sizikhalitsa.

Malamulo tili nawo. Gawo 12 la Malamulo Oyendetsera Dziko lino limati mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu, ndipo olamula amangozisunga m'malo mwawo. Gawo 13 limapatsa boma udindo wosamala chilengedwe moganizira mibadwo ya m'tsogolo. Gawo 37 limatipatsa ufulu wopeza nkhani zimene boma likusunga, ndipo lamulo lothandiza kugwiritsa ntchito ufuluwu lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Gawo 44 limati katundu wa munthu asalandidwe popanda kumudziwitsa mokwanira ndi kumulipira moyenera. Lamulo la za chilengedwe la mu 2017 limafuna kafukufuku ntchito zikuluzikulu zisanayambe, ndipo lidakhazikitsa bungwe la MEPA loti liziyang'anira zimenezi. Chotsala ndi chakuti malamulowa atsatidwe pa nthawi yake, ndi kuti ife eni dziko tiwadziwe ndi kuwagwiritsa ntchito.

7. Zimene tikupempha

Kwa boma ndi mabungwe ake oona za misewu: msewu uliwonse wolipiritsa usadavomerezedwe, anthu auzidwe njira zonse zimene zikuganiziridwa, mtengo wa ntchitoyo, mitengo ya pa chipata ndi zaka zimene adzalipire. Mgwirizano uliwonse ndi kampani yomanga uikidwe poyera. Pakhale ndondomeko yochepetsera mtengo anthu okhala pafupi ndi chipata, popeza iwo amadutsapo popita kumsika, kusukulu ndi kuchipatala. Chaka chilichonse tiuzidwe ndalama zimene zatoleredwa ndi misewu imene zakonza.

Kwa akatswiri ochita kafukufuku: luso lanu ndi udindo pamaso pa anthu amene sadziwa kuwerenga malipoti anu. Ngati muli pa ubale uliwonse ndi kampani yofuna ntchito, nenani poyera ndi kudzipatula. Lembani zimene mwapeza, ngakhale zisakomere wokulipirani.

Kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi makhansala: funsani malipoti amenewa, awerengeni, ndipo pitani nawo kwa anthu amene adakusankhani ntchito isadayambe. Onetsetsani kuti bungwe loyang'anira chilengedwe likupatsidwa ndalama zokwanira kuti lisamadalire omwe likuwayang'anira.

Kwa mafumu athu: musasaine pepala lililonse lokhudza malo musadaitanitse bwalo, ndipo pabwalopo amayi, achinyamata ndi olumala apatsidwe mpata wolankhula. Mphatso yolandira mseri idzakusandutsani mdani wa anthu anu omwe.

Kwa ife akhristu m'miphakati yathu: tikamva kuti kukubwera msonkhano wa za msewu, tipiteko titakonzeka. Tilembe mayina a zitsime, madambo, manda ndi njira za ana a sukulu zimene zingakhudzidwe. Tipemphe kuti zimene tanena zilembedwe ndipo tipatsidwe kope lake. Tiperekeze amasiye ndi okalamba pa nthawi yowerengera chipukutamisozi kuti asaponderezedwe. Tipewenso chinyengo chathu chomwe, monga kumanga zisakasa usiku m'njira ya msewu kuti tilipidwe, pakuti wofuna chilungamo kwa boma ayenera kuyamba wachichita yekha. Ndipo pamene tasiyana maganizo, ena ofuna msewu ena okana, tisalole kuti mudzi ugawikane mpaka kukhetsa mwazi monga zidachitikira ku Xolobeni.

Mau Omaliza

Abale ndi alongo, dziko lathu likusowa misewu yabwino, ndipo palibe pakati pathu wofuna kuti amayi apitirize kuchirira panjira chifukwa chosowa mayendedwe. Pempho lathu ndi lakuti misewuyo ikonzedwe moona mtima: sikelo igwiridwe ndi munthu wopanda mbali, eni malo amvedwe njira isadajambulidwe, wolipira adziwe chimene akulipirira, ndipo chimene sichingabwezeretsedwe chisaonongedwe pamene njira ina ilipo. Anthu a ku Pondoland adalipira phunziroli ndi zaka zambiri, ndalama zochuluka ndi moyo wa munthu. Ife talilandira kwaulere, ndipo tidzakhala opanda chowiringula tikalinyozera.

Mulungu adalitse inu nonse ndi mabanja anu, ndipo apatse nzeru onse amene ali ndi udindo wolamula.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Kodi m'dera lathu mudachitikapo ntchito ya chitukuko imene idatenga malo a anthu? Anthu adafunsidwa liti, ndipo adafunsidwa ndi yani?

2. Ndi malo ati m'dera lathu, monga madambo, akasupe, nkhalango ndi manda, amene ataonongedwa sangabwezeretsedwe? Tingawateteze bwanji kuyambira lero?

3. Ndi anthu ati pakati pathu amene mau awo samveka pa misonkhano ya chitukuko, ndipo mphakati wathu ungachitepo chiyani kuti amvedwe?